‘Obwera’ ndani pa nyanja ya Chilwa?

Mu June 2022 mafoni athu adatentha. BBC Africa Eye idatulutsa kanema wa mzika ya dziko la China, Lu Ke, yemwe ankasonkhanitsa ana kwa Njewa ku Lilongwe, kuwayankhulitsa mawu odzinyoza m’chiyankhulo chomwe iwo sankachimva, kenako n’kumagulitsa makanemawo pa intaneti. Tidakwiya, ndipo mkwiyowo udali woyenera. Pa Facebook padalibenso nkhani ina. Mkuluyo adathawira ku Zambia, adamugwira, adamubweza kuno, ndipo mu July 2023 khoti lidamupeza wolakwa n’kumulamula kuti atuluke m’dziko muno.

Mu 2018 nakonso achinyamata ena adathamangira kukhoti kukaletsa kuimika chipilala cha Mahatma Gandhi pa Ginnery Corner mumzinda wa Blantyre, kaamba ka mawu onyoza anthu akuda omwe mkuluyo adalemba ali ku South Africa. Ambiri tidawaombera m’manja.

Tsankho likabwera ndi nkhope yachilendo timalionera patali, sitifuna wina wotilozera. Lovuta ndi lija loyankhula Chichewa chosalala, lodya nafe mbale imodzi, loseka nafe pagulu la WhatsApp la anzathu a kusekondale. Limenelo sitilitchula n’komwe kuti tsankho. Timati ndi nthabwala chabe, kapena timangoti, “Aaa, ndi mmene alili anthu amenewa.”

Kuti tilione bwino, tiyeni tichoke m’tauni pang’ono. Kuchokera mumzinda wa Zomba kulowera kummawa, mtunda wa makilomita pafupifupi 30, msewu umakathera pa doko la Kachulu, m’mbali mwa nyanja ya Chilwa. Patsogolo pali chilumba cha Chisi, ndipo kutsidya kwa madziwo kwayandikana ndi Mozambique. Apa m’pamene pamatsikira matemba, mlamba ndi makumba omwe amakathera m’misika ya ku Zomba ndi Limbe. Mukaima pa doko limeneli kwa ola limodzi mumva Chinyanja, Chiyao, mawu apo ndi apo a Chilomwe, mwinanso Chipwitikizi. Ndi malo omwe anthu adasakanikirana kalekale.

Nsomba zikamafa bwino, palibe amafunsa mnzake kuti kwanu n’kuti. Mwini khoka amangofuna manja okoka. Mayi wa geni amangofuna matemba odzaza beseni pamtengo woti akapezepo kangachepe. Koma nsomba zikayamba kusowa, ukonde ukasowa usiku, kapena kolera ikabuka pakati pa asodzi ogona m’zimbowera, timisasa tija toyandama pa njedza pakati pa nyanja, mawu amodzi amatuluka mwachangu: obwera. Obwera ndiwo atha nsomba ndi maukonde oletsedwa. Obwera ndiwo abweretsa matenda. Obwera ndiwo akuba.

Tisanamizane, nthawi zina wakuba amakhaladi mlendo. Nthawi zinanso amakhala mwana wa mlongo wake wa mwini ukonde yemweyo. Chofunika kuchiona ndi ndondomeko yake: dzina la gulu limatchulidwa wakubayo asanapezeke. Mlandu umayamba ndi chigamulo, umboni ubwera pambuyo ngati ungabwere.

Chodabwitsa n’choti nyanja yomweyi imasandutsa aliyense wobwera. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosazama, ndipo mvula ikavuta zaka zingapo zotsatizana imaphwa. Idaphwa mu 1968, idaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu idasanduka dothi long’aluka, mabwato ali mbwee pamtunda. Zikatero msodzi wa ku Kachulu amamanga maukonde ake n’kulowera ku Chiuta, ku Malombe kapena kunyanja ya Malawi. Akafika kumeneko, mawu aja ankalozera nawo anzake amamupeza iyeyo. Wa ku Chilwa uja, watha nsomba kwawo, wabwera kudzatha zathu.

Nanga mwini wake weniweni ndani?

David Livingstone atafika pa nyanjayi mu April 1859 adapeza Amang’anja ndi Anyanja, zidzukulu za Amaravi, omwenso makolo awo adachita kubwera zaka mazana angapo m’mbuyomo. Pasanapite nthawi, Ayao adayamba kulowa m’dera la Zomba kuchokera chakumpoto ndi kummawa, ena akuthawa nkhondo ndi njala kwawo, ena akutsata malonda a minyanga ndi akapolo. Mafumu monga Malemia ndi Kawinga adakhazikika m’mapiri oyandikana ndi nyanjayi, ndipo anthu ambiri a m’chigwa adathawira pa Chisi. Pa 11 June 1891 Angerezi ndi Apwitikizi adasainirana pangano ku Lisbon logawana malire, mzere n’kudutsa chakummawa kwa nyanja ya Chilwa. Palibe adafunsa msodzi. Mabanja omwe ankangowolokerana pa maliro ndi pa maukwati adapezeka ali pansi pa maboma awiri osiyana.

Ndiyeno kudabwera Alomwe ambirimbiri. Ena adali kale m’mbali mwa nyanjayi malire asanalembedwe, koma kuyambira cha m’ma 1890 mpaka m’ma 1930 adalowa mwaunyinji kuchokera m’madera ozungulira phiri la Namuli ku Mozambique, kuthawa njala, msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Kalembera wa 1921 adawapeza oposa 120,000. Pofika 1945 adali pafupifupi 380,000.

Apa m’pamene pali nkhani yomwe wachinyamata aliyense wa kummwera amayenera kuidziwa, chifukwa ndiyo ikusonyeza mmene tsankho limapangidwira, ngati mmene amaumbira njerwa. Anthuwa adali amagulu osiyanasiyana: Amihavani, Amanyawa, Atakhwani, Akokhola ndi ena. Kuno adangowaponya m’thumba limodzi n’kulembapo dzina loti Anguru. Azungu a minda ya thonje, fodya ndi tiyi adawakonda pa chifukwa chimodzi chokha: munthu wothawa alibe kokadandaula. Ankapatsidwa kamalo komanga nyumba pa esiteti, malipiro ake n’kukhala thangata, kugwira ntchito m’munda wa mzungu nthawi yomweyo imene munda wako ukufuna khasu. Ukakana akuthamangitsa. Nanga ubwerera kwa Apwitikizi?

Atsamunda adali ndi makwerero awo a mitundu. Pamwamba mzungu, kenako mmwenye wa sitolo, kenako anthu akuda, omwenso adawasanja. Ayao ankawatama kuti ndi oyenera usilikali, upolisi ndi ukapitawo, ndipo paja likulu la boma ndi la asilikali a King’s African Rifles lidali pa Zomba pomwepa. Pansi penipeni adaikapo Anguru, anthu a khasu. Chomvetsa chisoni n’choti anthu akuda anzawo sadachedwe kuloweza makwerero amenewa. Munthu yemwe mzungu ankamutcha “boyi” masana ankapeza pena popumira madzulo: pali wina wapansi kuposa ine. Nthabwala zoti akutiakuti amadya njoka, akutiakuti ndi a mankhwala oopsa, akutiakuti ndi osasamba, zidakulira m’nthaka imeneyo. Zina mwa izo zikuyendabe lero ngati timakanema ta pa TikTok, ndipo amene akuzitumiza sadziwa n’komwe kuti akugwirira ganyu mzungu wa esiteti yemwe adafa kalekale.

Pa 15 January chaka chilichonse timapuma pokumbukira John Chilembwe, ndipo nkhope yake timayenda nayo m’thumba pa ndalama. Koma usiku wa pa 23 January 1915, ambiri mwa omwe adapita ku Magomero, pa esiteti ya A. L. Bruce komwe woyang’anira William Jervis Livingstone adaphedwa, adali Alomwe otopa ndi thangata. Anthu omwe ankatchedwa obwera adali m’gulu la oyamba kufera dziko lomwe linkawaseka. Ndi angati a ife tidaphunzira zimenezi mkalasi?

Dzina lija silidachoke lokha. Lewis Mataka Bandawe, Mlomwe wobadwira ku Mozambique yemwe adaphunzira ku Blantyre Mission, adamasulira Chipangano Chatsopano m’Chilomwe ndipo pambuyo pake adagwira ntchito yotanthauzira kukhoti lalikulu ku Blantyre, adayambitsa bungwe la Alomwe mu 1943. Chimodzi mwa zomwe adamenyera n’choti boma lisiye kulemba “Anguru” m’makalata ake, ndipo boma la atsamunda lidavomera. Tangoganizani: boma la atsamunda lidasiya mawuwa zaka 80 zapitazo. Ife tikadali nawo. Amatuluka pa mpira, pa mowa, pokangana za malire a munda, komanso m’makomenti nthawi ya kampeni.

Mtengo wake ukuoneka mpaka lero. Kalembera wa 2018 adapeza kuti Alomwe ndi 18.9 peresenti ya anthu m’dziko muno, achiwiri kwa Achewa omwe ndi 34.4 peresenti. Koma yendani m’midzi ya kwa Mwambo kapena pamsika wa Jali, muwerenge achinyamata omwe angafotokoze nkhani yonse m’Chilomwe osathawira ku Chichewa. Ndi ochepa. Zifukwa zilipo zingapo, kuphatikizapo kukwatirana ndi mitundu ina komanso sukulu, koma chimodzi n’choti agogo ambiri adasankha kusawaphunzitsa ana awo. Ankafuna mwana akatsegula pakamwa pamsika asasekedwe. Ngati agogo anu ankayankhula chiyankhulo china akakhala okhaokha ndi anzawo, n’kusintha inu mukangolowa, mwina tsopano mwadziwa chifukwa chake.

Mulhako wa Alhomwe utakhazikitsidwa mu 2008, m’nthawi ya Bingu wa Mutharika, anthu ambiri adayamba kunena poyera kuti ndine Mlomwe, n’kumapita kwa Chonde ku Mulanje ndi mutu uli m’mwamba. Zimenezo zidali zabwino. Koma tsankho silidafe, lidangosintha malaya. Omwe dzulo ankanenedwa kuti ndi a khasu adayamba kunenedwa kuti atenga ntchito zonse m’boma, ngati kuti mayi wouma matemba ku Kachulu adalandirako kontirakiti. Ndipo ena mwa omwe makolo awo adanyozedwa adapezanso wawo womunyoza. Kuvutikapo ndi tsankho sikutemera munthu katemera.

Ayao nawo ali ndi katundu wawo yemwe timawasenzetsa. Amati sakonda sukulu, amangodziwa telala, geni ndi ulendo wa ku Joni. Koma sukulu zoyamba m’dziko muno zidali za mishoni, ndipo kholo lachisilamu linkadziwa kuti kutumiza mwana kumeneko kudali ngati kumupereka ku chipembedzo china. Ambiri adakana, ndipo mpata womwe udatseguka nthawi imeneyo sungatsekeke m’badwo umodzi. Chomwe chidayamba ngati nkhani ya mbiri ife tachisandutsa nkhani ya magazi. Anzathu a kumpoto timawatcha dzina lotengera kayankhulidwe kawo, n’kumati amangokokana okhaokha. Sitikumbuka kuti mu 1968 Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi ya boma, kapena kuti mu 1989 Kamuzu Banda adalamula aphunzitsi kubwerera kukaphunzitsa m’zigawo za kwawo, mabanja n’kupasuka. Anthu ukawakankhira pakona amagwirana manja. Kenako iwe yemweyo umadabwa kuti bwanji agwirana manja.

Tsopano tiyang’ane pamwamba pa makwerero aja, chifukwa pamenepo m’pamene tsankho lathu limabisala bwino kwambiri. Limabisala m’ulemu.

Tayerekezani galimoto ya bungwe yaima pa Kachulu, mwatsika mtsikana wachizungu yemwe wangomaliza kumene digiri yake yoyamba, limodzi ndi mayi wachimalawi yemwe wakhala akufufuza za nsomba za m’nyanjayi zaka makumi awiri. Mpando woyamba upita kwa ndani? Moni woyamba? Mafunso a za tsogolo la nyanja afunsidwa ndani, ndipo ndani aganiziridwa kuti ndi womasulira? Palibe amene watukwana munthu apa. Aliyense akumwetulira. Koma m’mitu mwathu masanjidwe achitika kale, ndipo tadziika tokha pansi. Munthu akachita bwino timati ndi mzungu. Bwana wolipira bwino ndi mzungu wanga. Moyo wabwino ndi wachizungu, nthawi yosunga ndi yachizungu, ndipo chinthu chikaonongeka timaseka n’kumati zachikuda. Mawu amenewa mwana amawamva asanayambe sitandade 1.

Ndi makwerero omwewo amene amagulitsa mafuta oyeretsa khungu m’misika yathu, amene amachititsa anthu kuyamikira khanda kuti labadwa loyera bwino, amene amapangitsa mtsikana wakuda bii kusankha fyuluta yomuwalitsa asanaike chithunzi pa sitetasi. Mlamu akabwera koyamba pakhomo, azakhali amayamba kunena za khungu lake asanafunse khalidwe.

Komatu kuyera komweko kukapitirira muyeso womwe tidauika, timasintha nkhope. Kalembera wa 2018 adapeza anthu achialubino oposa 134,000 m’dziko muno. Kuyambira cha m’ma 2014 akhala akusakidwa ngati nyama, ndipo maboma a Machinga ndi Zomba, ozungulira nyanja yomweyi, adatchulidwa kawirikawiri pa nkhanizi. MacDonald Masambuka, mnyamata wa ku Machinga, adaphedwa mu 2018, ndipo mu 2022 khoti lidapeza olakwa anthu khumi ndi awiri, kuphatikizapo wansembe, wapolisi ndi mchimwene wake weniweni. Tonse timati ife sitingachite zimenezo, ndipo n’zoona. Koma wakupha sayambira pa chikwanje. Amayambira m’mudzi momwe munthu amaitanidwa ndi dzina la khungu lake m’malo mwa dzina lake, momwe anyamata pa siteji ya kabaza amakuwa kuti “ndalama izo” iye akamadutsa, ena onse n’kuseka. Oseka aja sadaphe munthu. Adangothandiza kuti aoneke ngati katundu.

Zomwezo zidaoneka mu September ndi October 2017, mphekesera za anamapopa zitagwira Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi maboma oyandikana nawo. Nkhani inkamveka kuti yachokera ku Mozambique. Anthu angapo adaphedwa ndi magulu olusa, United Nations idachotsa ena mwa ogwira ntchito ake m’deralo, ndipo amene adali pachiopsezo chachikulu ndi munthu wosadziwika m’mudzi, woyenda ndi chikwama, woyankhula mosiyana. Palibe magazi a munthu adapezeka m’botolo la wina aliyense. Mantha adangotsata njira yomwe mawu oti obwera adalambula kale.

Pali galasi lina lomwe sitikonda kudziyang’anirapo. Pafupifupi mudzi uliwonse wa ku Zomba ndi Machinga uli ndi mwana ku Joni. Mu May 2008 anthu 62 adaphedwa pa zipolowe zothamangitsa alendo ku South Africa. Mu April 2015 zidabukanso ku Durban ndi Johannesburg, boma lathu lidachita kutumiza mabasi kukatenga anthu ake, ndipo dziko lonse lidaona zithunzi za Emmanuel Sithole wa ku Mozambique akubayidwa mumsewu ku Alexandra. Timadziwa kuwawa kwa mawu oti makwerekwere. Timadziwanso zomwe amatinena: alanda ntchito, alanda akazi, abweretsa umbava, amalola malipiro ochepa.

Ndiye mvetserani zomwe timanena za omwe timawatcha Maburundi, dzina lomwe timaponyeramo wa ku Rwanda, wa ku Burundi ndi wa ku Congo yemwe, ngati mmene ankachitira ndi Anguru muja. Alanda mabizinesi. Akugulitsa motchipa kuti atigwetse. Mu May 2023 apolisi ndi asilikali adagwira mazana a othawa kwawo mumzinda wa Lilongwe, ena ndi ana omwe, kuwasunga kundende ya Maula asanawapititse ku Dzaleka, kampu yomwe idakonzedwera anthu pafupifupi 12,000 koma ikusunga oposa 50,000. Nkhani ya malamulo a othawa kwawo ndi yoti anthu angatsutsane mwaulemu, ndipo wamalonda wachimalawi yemwe akuvutika ndi ngongole ya katapila ali ndi dandaulo lenileni. Koma bwererani mukawerenge makomenti a sabata imeneyo. Chimwemwe chomwe chidalimo sichidali cha malamulo. Ena mwa omwe ankalemba kuti “azipita kwawo” ndi omwewo amadikira ndalama ya pa Mukuru kuchokera kwa mchimwene wawo wokhala ku Joni popanda mapepala. Paja akuluakulu adati anyani sasekana zikundu.

Ndi amwenye nkhani yake ndi yopota kwambiri, chifukwa tsankho limayenda mbali zonse ziwiri. Madandaulo a ogwira ntchito m’masitolo ena, za malipiro ndi za kutukwanidwa, ndi enieni ndipo ayenera kupita ku ofesi ya zantchito ndi kukhoti, ndi dzina la sitolo ndi la mwini wake. Koma dzina la mwini sitolo likasanduka dzina la mtundu wonse, talowa njira ina. M’zaka za m’ma 1970 boma lidalamula amalonda achimwenye kuchoka m’madera a kumidzi n’kukakhala m’mizinda ikuluikulu yokha. Lero timadabwa kuti bwanji amangokhala okhaokha m’tauni. Mwana wobadwira ku Zomba, yemwe agogo akenso adabadwira ku Zomba komweko, timamufunsabe kuti kwanu kwenikweni n’kuti.

Dziko lomweli lili ndi mbiri ina yomwe tingainyadire. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itafika povuta, Malawi idasunga anthu a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi, ambiri a iwo m’midzi, pakati pa abale, mpaka mtendere utabwera mu 1992. Si kuti ndife anthu oipa mtima. Munthu yemweyo amene angapatse mlendo mphasa ndi nsima ndi amene angakanize mwana wake kukwatiwa ndi mlendoyo. Zonse ziwiri zimakhala mumtima umodzi, ndipo n’chifukwa chake kuligwira tsankho lamtunduwu n’kovuta.

Akatswiri adayesapo kuliyeza. Ku America, Marianne Bertrand ndi Sendhil Mullainathan adatumiza makalata ofunsira ntchito pafupifupi 5,000 kwa olemba ntchito a ku Boston ndi Chicago. Maphunziro ndi luso adazilinganiza, chosiyana chidali maina: ena omveka achizungu, ena omveka a anthu akuda. Zotsatira zomwe adasindikiza mu 2004 zidaonetsa kuti pomwe maina a anthu akuda ankaitanidwa kawiri, achizungu ankaitanidwa katatu. N’kutheka kuti ambiri mwa olemba ntchitowo akadalumbira kuti alibe tsankho, ndipo akadalumbira ndi mtima woona. Dzanja lidangosankha lokha. Kuno kwathu dzina la bambo limaulula chigawo, dzina loyamba limaulula chipembedzo. Inu amene tsiku lina mudzakhale pa mpando wosankha makalata, kapena amene muli ndi kanyumba ka lendi, kapena mukusankha woti mumubwereke ndalama ku banki mkhonde, diso lanu limaima pati likafika pa dzina?

Mafunso otere ndi amene amaligwira, chifukwa funso loti “kodi ndili ndi tsankho?” aliyense amakhoza. Yesani ena. Foni ikasowa mu minibasi, nkhope yoyamba kubwera m’mutu mwanu ndi yotani? Mchemwali wanu atabwera ndi chibwenzi, ndi mtundu uti womwe mungayambe mwapumira kaye m’mwamba musanamwetulire? Munthu wa kwanu akaba mumati wakuba uja. Wa mtundu wina akaba mumati chiyani? Ndipo mukamatama munthu kuti “koma iwe sukhala ngati anzako aja”, mukuganiza kuti mwamupatsa mphatso yanji? Mwamuuza kuti mayi ake, malume ake ndi agogo ake onse mudawaweruza kale, iye yekha ndiye mwamukhululukira.

Wina anena kuti tikukokomeza, Amalawi timasekana basi, ndipo kusekana n’komwe kumatigwirizanitsa. Pali choona pamenepo. Pa maliro pali adzukulu ndi nthabwala zawo, pakati pa asuweni pali chipongwe chololedwa, ndipo dziko lopanda nthabwala palibe angalifune. Koma nthabwala ya asuweni ili ndi lamulo lake: onse awiri ali ndi ufulu wobwezera, ndipo mawa adyera limodzi. Taonani amene akuseka mochedwa pagulu, amene akuseka ndi mano okha chifukwa bwana ndi amene wayambitsa, amene wangoti zii n’kuyamba kuyang’ana pa foni. Ngati nthabwala yomweyo ndi imene mawa ikhale chifukwa chomukanira nyumba, ntchito kapena mkazi, ndiye kuti idali ndi ntchito ina kuposa kuseketsa.

Chomwe chimandisangalatsa ndi madera a m’mbali mwa Chilwa n’choti chikhalidwe chawo chomwe chimatsutsa nkhani ya magazi oyera a mtundu umodzi. Anyanja, Ayao ndi Alomwe onse amatsata chikamwini: mwamuna amasiya kwawo n’kukamanga kwa mkazi. Kunena kwina, pafupifupi bambo aliyense m’mudzi ndi wobwera. Mpaka pali mwambi woti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, womwe ukusonyeza kuti ngakhale iyeyo sitimukhulupirira kwenikweni. Patatha zaka zoposa zana anthu akukwatirana chonchi, amene akudzitcha Mnyanja weniweni akafufuza bwino apeza agogo aamuna Achiyao, ndipo amene amanyoza Alomwe mwina akunyoza mayi wa bambo ake. Funsani akuluakulu a kwanu maina a agogo a agogo anu ndi komwe adachokera, mudakali nawo moyo. Mayankho ake amadabwitsa kuposa zambiri zomwe timathera bandulo.

Malamulo alipo. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu, khungu, chiyankhulo, chipembedzo, dziko kapena fuko lomwe wachokera, ulumali ndi zina. Wochotsedwa ntchito kapena wokanizidwa thandizo pa zifukwa zimenezi angathe kukadandaula ku Malawi Human Rights Commission, kwa Ombudsman ngati nkhaniyo ikukhudza ofesi ya boma, kapena kukhoti. Koma palibe woweruza angazenge mlandu wa mpando womwe udaperekedwa kwa mzungu, kapena wa kupuma kuja musanamwetulire mlamu wanu. Zimenezo zimathera pamalo pomwe zachitikira, ngati pali wina wolimba mtima pang’ono.

Ndipo kulimba mtima kwake si kwa pa chionetsero. N’kovuta kuposa pamenepo, chifukwa wolakwayo ndi malume anu, ndi mnzanu wogona naye chipinda chimodzi ku koleji, ndi adimini wa gulu yemwe adakuthandizani kupeza ganyu. Kulalikira sikuthandiza, anthu amangokutchani oyera mtima. Chomwe chimagwira ntchito kawirikawiri ndi kafunso kakang’ono, kofunsidwa mosakweza mawu. Pa msonkhano wa komiti ya pa doko wina akati obwera atha nsomba, wina afunse: obwera ake ati, bwato lake liti, ukonde wake tauona? Ngati alipo, atchulidwe, alipitsidwe monga mwa malamulo a usodzi, chimodzimodzi ndi mwana wa mfumu akapezeka ndi ukonde womwewo nthawi yomwe nyanja yatsekedwa.

Pagulu la WhatsApp n’chimodzimodzi. Wina akatumiza zija zoti anthu akutiakuti ndi akuba, mulembe kuti: “Mukunena ndani kwenikweni, dzina lake?” Macheza amazizira kwa mphindi zingapo. Wina atumiza kasitika koseka, wina akuti mwayamba kudzimva chifukwa cha kasukulu, wina akulemberani kumbali kuti mwachita bwino koma iye sakadatha kunena pagulu. Nthawi zambiri dzina lija silibwera.